Chipangizo choimbira nyimbo chokhudza ndi chala chikayamba kuvuta: zizindikiro, zoyambitsa ndi kakonzedwe

Kupanga chipangizo chowongolera nyimbo chongokhudza ndi chala sikovuta. Mukakhala ndi bolodi ya Arduino, ESP32 kapena Raspberry Pi Pico, tizidutswa ta tepi ya mkuwa ndi mawaya, madzulo amodzi akukwana kuti noti yoyamba imveke. Chovuta n'chakuti chizigwira ntchito mofanana tsiku ndi tsiku. Madandaulo ake sasintha: patebulo chimamva bwino koma chikalowa m'bokosi chayamba kulira chokha, tchaja ya laputopu ikachotsedwa chagontha, noti ina yakakamira osasiya. Ambiri amathamangira kusintha manambala mu code, mawa lake vuto labwereranso.

Gwero la ambiri mwa mavutowa ndi limodzi. Padi yokhudza, kachidutswa ka mkuwa kamene mumakhudza ndi chala, si batani. Batani limalumikiza magetsi kapena kuwadula, basi. Padi imayezedwa capacitance yake, ndiko kuti kuchuluka kwa magetsi amene ingasunge, ndipo chala chimangowonjezerapo ma picofarad ochepa. Chipu chimayerekeza zomwe chikuyeza panopa ndi muyezo umene chinatenga poyaka, umene amautcha baseline. Choncho chilichonse chosuntha muyezowo, kaya ndi waya wogwedera, thukuta, tchaja kapena bokosi lachitsulo, chipu chimachitenga ngati chala.

## Musanasinthe kanthu, pezani pomwe padukira

Kuchokera pa chala kufika pa sipika pali magawo atatu. Yesani lililonse palokha.

1. Padi kufika pa chipu. Onetsani manambala enieni pa Serial Plotter, chida cha mu pulogalamu yolembera code ya Arduino chojambula manambala ngati mzere. Pa MPR121, chipu chapadera choyezera mapadi, onetsani filteredData ndi baselineData za padi iliyonse. Pa ESP32 onetsani zotuluka pa touchRead.
2. Bolodi kufika pa kompyuta. Tsegulani pulogalamu yowonetsa mauthenga a MIDI, amene chipangizo chimauzira nawo kompyuta noti yoti ilire: MIDI-OX pa Windows, MIDI Monitor pa macOS, kapena lamulo la aseqdump pa Linux.
3. Kompyuta kufika pa sipika. Dinani kiyibodi ya pa sikirini ndi mouse mu pulogalamu yanu yoimbira. Ngati apa pali zii, chipangizo chanu chilibe mlandu.

Gawo loyamba ndi limene anthu amalidumpha, chonsecho mayankho ambiri ali momwemo. Tinene kuti padi yosakhudzidwa ikusewera pakati pa 198 ndi 202, ndipo mukaikhudza ikutsika kufika pa 170. Phokoso lake ndi 4, chala chikusuntha 30. Imeneyi ndi padi yathanzi. Opanga masensa otere amalangiza kuti kusuntha kobwera ndi chala kuzikhala kasanu kapena kuposa poyerekeza ndi phokoso. Ngati phokoso ndi 10 ndipo chala chikusuntha 14, palibe nambala ya mu code imene ingakupulumutseni. Konzani mawaya ndi magetsi kaye.

## Mapadi onse sakumva

Kuyambira chofala kwambiri:

- Mawaya a I2C, awiri otchedwa SDA ndi SCL olumikiza MPR121 ndi bolodi, asinthana kapena ali pa mapini olakwika. Pa Uno, SDA ndi A4 ndipo SCL ndi A5. Pa Leonardo, Micro ndi Pro Micro, SDA ndi pini 2, SCL ndi pini 3. Pa mabolodi ambiri a ESP32 ndi 21 ndi 22. Amene wasamuka kuchoka pa Uno kupita pa Leonardo n'kusiya mawaya pa A4 ndi A5 sadzawona kanthu. Yendetsani kapulogalamu ka I2C scanner. Ngati sikakupeza adiresi iliyonse, vuto ndi mawaya kapena magetsi.
- Adiresi yolakwika. MPR121 imayankha pa 0x5A pini ya ADDR ikakhala pa GND, mbali ya 0 V ya magetsi a bolodi. Ikalumikizidwa ku 3.3 V imakhala 0x5B, ku SDA 0x5C, ku SCL 0x5D. Lembani mu code adiresi imene scanner yapeza.
- Dzanja linali pa mapadi poyatsa. Baseline inatengedwa chala chili pomwepo, ndiye chipu chikuganiza kuti umo ndi momwe padi imakhalira. Zimitsani, chotsani manja, yatsaninso. TTP223, chipu cha padi imodzi, nayo imafuna pafupifupi theka la sekondi isanakhudzidwe.
- Code ikuyembekeza nambala kuyenda mbali yolakwika. Pa ESP32 yoyambirira nambala ya touchRead imatsika mukakhudza. Pa ESP32-S2 ndi ESP32-S3 imakwera. Code yotengedwa pa bolodi ina imagwira mozondoka pa inzake.
- Bolodi ilibe luso limeneli. Teensy 3.2 ndi Teensy LC zili ndi touchRead, koma Teensy 4.0 ndi 4.1 zilibe. Pico ilibenso masensa akeake, n'chifukwa chake touchio ya CircuitPython imafuna resistor ya 1 MΩ kuchoka pa pini kupita ku GND.
- Chipu chinapsa. MPR121 siloleza kupitirira 3.6 V. Mabolodi ena a MPR121 ali ndi regulator yawoyawo ndipo amalandira 5 V, koma timabolodi tambiri totchipa tilibe. Ngati munaipatsa 5 V mwachindunji ndipo scanner sikuipezanso, gulani ina.

## Padi imodzi yokha yafa

Sinthanitsani waya wake ndi wa padi yomwe ikugwira. Vuto likatsatira waya, ndiye kuti lili pa padi kapena pa wayayo. Likatsala pa pini yomweyo, lili pa bolodi kapena mu code.

- Zomatira za tepi sizidutsa magetsi. Tepi ya mkuwa ilipo ya mitundu iwiri, ndipo yambiri zomatira zake n'zosadutsa magetsi. Mukamata chidutswa pamwamba pa chinzake zimaoneka zolumikizana koma sizili choncho. Dontheza solder pamalumikiziropo.
- Waya wangopanikizidwa pa foyilo ya aluminiyamu. Solder wamba sagwira pa aluminiyamu. Mangani ndi kabawuti ndi washa, kapena sinthani muike mkuwa.
- Penti wodutsa magetsi wang'ambika. Mng'alu wake sumaoneka ndi maso, makamaka popindika pepala. Yezani ndi multimeter kuchokera kumapeto kufika kumapeto.
- Pali mpweya pakati pa padi ndi chophimba. Kampata kakang'ono ka mpweya kamafooketsa sensa kuposa pulasitiki yokhuthala mofanana nako. Matani padi mothina kunsi kwa chophimbacho, pasakhale thovu.

## Manoti akulira okha

Ili ndiye dandaulo lalikulu, ndipo ndi pomwe anthu amataya nthawi yambiri. Chizolowezi n'kukweza malire, nambala ya mu code yonena kusuntha kofunika kuti padi itengedwe ngati yakhudzidwa, mpaka manoti abodza atasiya. Zimenezi zili ngati kuika ndowa pansi pa denga lodontha: pansi pauma, koma dzenje likadalipo, ndipo tsopano muyenera kukanikiza chala mwamphamvu kuti noti imveke. Pezani gwero kaye.

- Mawaya aatali kapena ogwedera. Waya yense wochoka pa chipu kupita pa padi ndi sensa, osati kumapeto kwake kokha. Akamayenda pafupi ndi tebulo, mwendo wanu kapena waya mnzake, muyezo umasuntha. Siyani Serial Plotter yotsegula n'kugwedeza mawaya amodziamodzi ndi kamtengo kouma. Amene achititse mzere kudumpha ndi yemweyo. Fupikitsani mawaya momwe mungathere ndipo muwamate asasunthe. Mapadi akakhala kutali, sendezani MPR121 pafupi nawo n'kutalikitsa mawaya a I2C m'malo mwake, ngakhale nawonso sakonda kutalika kopitirira mita.
- Tchaja yaphokoso. Matchaja otchipa amalowetsa phokoso la magetsi mu GND ya chipangizo chonse. Chotsani tchaja, laputopu iyende pa batire. Mzere ukadekha, mwapeza wolakwa. Yesani tchaja ina yabwino, makamaka ya mapini atatu.
- Breadboard ndi mawaya olowetsa. Zimenezi n'zoyesera chabe. Timabowo ta breadboard timalekerera ndipo mizere yake ili ndi capacitance yakeyake. Chipangizo chopita nacho kokaimba chiyenera kuwotchereredwa ndi solder.
- Magetsi a LED. Mawaya a ma LED a WS2812 kapena a ma LED oyendetsedwa ndi PWM (kuyatsa ndi kuzimitsa magetsi mofulumira kwambiri) akayenda limodzi ndi mawaya a mapadi amawapatsira phokoso. Zimitsani ma LED onse mu code n'kuonanso manambala. Ngati ndi amenewo, patulani njira zawo, ndipo akamadutsana adutsane mopingasa, osati kuyenda limodzi.
- Chinyezi ndi thukuta. Madzi amasuntha muyezo kwambiri. Matabwa osapaka vanishi amamwa chinyezi, ndiye chipangizo chimasintha khalidwe malinga ndi nyengo. Pukutani pamwamba, pakani vanishi, kapena phimbani mapadi ndi pulasitiki yopyapyala.
- Chingwe cha magetsi a m'nyumba chili pafupi. Magetsi a 50 kapena 60 Hz amaoneka pa Plotter ngati mafunde obwerezabwereza. Sunthani chipangizo kutali ndi zingwe, ma adapter ndi nyale za fluorescent.
- Baseline inatengedwa pamalo ena. Mwayatsa chipangizo chili m'manja kenako mwachikhazika pa tebulo lachitsulo. Chikhazikeni kaye ndiye muyatse. Ndi nzeru kuika batani limodzi wamba lotengeranso baseline.

Zonsezi zikakonzedwa, m'pamene mungakhudze malire. Library (code yolembedwa kale) ya Adafruit ya MPR121 imayambira pa 12 pokhudza ndi 6 posiya. Manambalawa ndi oyambira chabe. Padi iliyonse ili ndi kukula kwake ndi utali wa waya wake, choncho ine ndimaona kuti kupatsa padi iliyonse malire akeake, pafupifupi theka la kusuntha kumene chala chimabweretsa pa padiyo, kumaposa nambala imodzi ya onse. Pa TTP223 palibe code yosintha. Pali malo owotchererapo capacitor yaing'ono yosapitirira 50 pF, ndipo ikakula sensa imachepa kumva.

## Chimamva tchaja ikakhala pa magetsi, ikachotsedwa chagontha

Izi zimadabwitsa ambiri koma n'zachibadwa. Kuti chala chisunthe muyezo, payenera kukhala njira yobwerera kuchokera m'thupi lanu kupita ku GND ya chipangizo. Laputopu ikakhala pa tchaja, njirayo imadutsira mu earth ya nyumba. Ikakhala pa batire, chipangizo chimakhala chopanda pomangirira ndipo kusuntha kumachepa. Library ya CapacitiveSensor, imene imayeza padi ndi resistor popanda chipu chapadera, imavutika kwambiri ndi zimenezi.

Poyesa, gwirani pini ya GND kapena chitsulo cha pulagi ya USB ndi dzanja limodzi, linalo likhudze padi. Ikamva bwino, vuto ndi limeneli. Kakonzedwe kake:

- Ikani kamzere ka mkuwa kolumikizidwa ku GND pamene chikhatho chimatsamira poimba.
- Ikani mkuwa wa GND kunsi kwa bokosi, koma wotalikirako ndi mapadi. Ukayandikira kwambiri umameza kumva konse. Wodulidwa ngati ukonde umaposa chimbale chathunthu.
- Kulitsani mapadi pang'ono.
- Tenganinso baseline nthawi iliyonse mukasintha gwero la magetsi.

Musayerekeze kulowetsa waya m'bowo la earth la soketi kuti mupeze GND yabwino. Soketi ikhoza kukhala yolumikizidwa molakwika, ndipo inu mukupanga chinthu chimene ntchito yake ndi kukhudzidwa ndi manja.

Kanthu kena kakang'ono: ma power bank ambiri amazima okha akaona kuti chipangizo chikukoka magetsi ochepa. Chipangizo chikamazima pakapita kanthawi kochepa chili pa power bank, musayambe kukayikira code.

## Mwakhudza padi imodzi, zalira ziwiri

- Mawaya amangidwa mtolo umodzi. Amapatsirana. Pa chingwe cha ribbon, ikani waya wa GND pakati pa mawaya a mapadi awiri aliwonse.
- Mapadi athithikana. Siyani mpata wa mamilimita angapo. Chophimba chikakhala chokhuthala, mpata uyenera kukulanso.
- Chikhatho chikulendewera pamwamba pa padi ina. Padi yomva kwambiri sidikira kukhudzidwa. Ichepetseni kumva kapena kukula.
- Thukuta lalumikiza mapadi awiri. Pukutani.
- Manoti awiri pa MIDI koma padi imodzi pa Plotter. Apa ndi code, kapena pulogalamu yoimbira ikulandira chipangizo chomwecho pa njira ziwiri.

Chingwe chokhala ndi shield chimathandiza pa phokoso koma chimawonjezera capacitance yambiri, ndiye chala chimaoneka chaching'ono. Chigwiritseni pokhapokha zina zakanika.

## Noti ikunjenjemera kapena kulira mobwereza

Kawirikawiri code ikutumiza Note On nthawi iliyonse loop ikazungulira chala chili pa padi. Sungani mmene padi inalili ulendo wapita, ndipo tumizani uthenga pokhapokha pasintha: Note On pamene yangokhudzidwa, Note Off pamene yangosiyidwa.

Chachiwiri ndi kugwiritsa malire amodzi pokhudza ndi posiya pomwe. Nambala ikamasewera pamalirepo noti imayaka ndi kuzima. Malire osiyira akhale pafupifupi theka la okhudzira. Zikapitirira, lamulani kuti chipu chiwerenge kawiri kapena katatu motsatizana chisanavomere kuti pasintha. Musapitirire apo, chifukwa kuwerenga kulikonse kowonjezera ndi kuchedwa.

## Noti yakakamira

- Mwasintha octave chala chili pa padi. Note On inapita ndi nambala 60, Note Off yapita ndi 72, ndipo 60 palibe woizimitsa. Sungani nambala imene padi iliyonse inatumiza, ndipo zimitsani yomweyo.
- Padi sikubwerera pa baseline. Onani pa Plotter. Ngati nambala ikuima pakati mutachotsa chala, pali chinyezi kapena waya wasuntha.
- Palibe flush. Pa library ya MIDIUSB, itanani MidiUSB.flush() mukatumiza uthenga.
- Sustain inatsala yoyaka. Control Change 64, uthenga wa MIDI wotalikitsa manoti, ikakhala pamwamba, manoti sazima ngakhale Note Off yafika.
- Chingwe chinazuka noti ikulira. Note Off sinafike konse.

Chipangizo chilichonse chopita pamaso pa anthu chikhale ndi batani lozimitsira zonse, lotumiza Control Change 123 pa ma channel onse 16. Synth ina (chida kapena pulogalamu yotulutsa mawu) ikapanda kumvera, tumizaninso 120.

Palinso vuto losemphana ndi ili, lakuti chala chikayandikira pang'onopang'ono padi siimva. Chipu chimasuntha baseline mwakachetechete potsatira kusintha kwa nyengo, ndiye chala chobwera mozemba chimamezedwa. CapacitiveSensor imadziyezanso pa masekondi 20 aliwonse mukapanda kuiletsa ndi set_CS_AutocaL_Millis.

## Kompyuta sikuchiona ngati chipangizo cha MIDI

- Chingwe cha USB n'chotchajira chokha. Nyale ya bolodi imayaka koma mulibe mawaya a data. Sinthani chingwe musanachite china chilichonse.
- Bolodi siingathe USB MIDI. Uno, Nano yakale ndi ESP32 yoyambirira zimaoneka ngati serial port basi. Zimene zimatha ndi za ATmega32U4, monga Leonardo, Micro ndi Pro Micro, komanso Teensy, Pico, ESP32-S2 ndi ESP32-S3. Mukhoza kulumikiza Uno kudzera pa mapulogalamu a Hairless MIDI ndi loopMIDI, koma liwiro la serial lifanane mbali zonse ndipo Serial Monitor ikhale yotseka. Kunena zoona, kusintha bolodi kumachotsa mutu wopweteka wambiri kuposa njira imeneyi.
- Simunasankhe mtundu wa USB. Pa Teensy, pitani pa Tools, USB Type, musankhe MIDI musanatumize code.
- Pulogalamu ina yagwira kale port. Pa makompyuta ambiri a Windows, port ya MIDI imatsegulidwa ndi pulogalamu imodzi panthawi. Mukasiya MIDI-OX yotsegula, pulogalamu yoimbira siilandira kanthu.
- Munalumikiza pulogalamu itatsegulidwa kale. Ena amafufuza zipangizo poyamba pokha. Tsekani n'kutsegulanso.

## Mauthenga akufika koma kulibe mawu, kapena noti ndi yolakwika

- Track sinayatsidwe kuti ilandire, kapena palibe chida choimbira chimene chaikidwapo. MIDI payokha si mawu, ndi malangizo chabe.
- Channel yaphonya ndi imodzi. Mkati mwa uthenga ma channel amawerengedwa 0 mpaka 15, pa sikirini 1 mpaka 16. MIDIUSB imagwiritsa 0 mpaka 15, pomwe Arduino MIDI Library imagwiritsa 1 mpaka 16. Ng'oma za General MIDI zili pa channel 10, imene pa MIDIUSB ndi 9.
- Velocity, nambala yonena mphamvu ya noti, ndi 0. Note On ya velocity 0 imatengedwa ngati Note Off.
- Nambala yapitirira 127. Noti ndi velocity zimathera pomwepo, ndipo nambala yoposa apo imasokoneza uthenga wonse.
- Octave ikuoneka yolakwika. Noti 60 ndi C yapakati, koma makampani ena amailemba C3, ena C4. Dalirani nambala, osati dzina.

## Pa pulagi ya MIDI ya mapini asanu sipakutuluka kanthu

Cholakwika chofala ndi kusinthanitsa pini 4 ndi pini 5, chifukwa chojambula china chimaonetsa soketi kutsogolo, china kumbuyo kowotcherera. Pa bolodi ya 5 V, pini 4 imapita ku 5 V kudzera pa resistor ya 220 Ω, pini 5 ku TX kudzera pa 220 Ω ina, pini 2 ku GND. Pa bolodi ya 3.3 V ma resistor ake ndi 33 Ω ku pini 4 ndi 10 Ω ku pini 5. Poyesa, lowetsani LED, mwendo wautali pa pini 4 ndi waufupi pa pini 5. Iziphethira mukakhudza padi.

Liwiro liyenera kukhala 31250, lomwe MIDI yakhala ikugwiritsa kuyambira 1983. Pa Uno, TX ndi yomweyo imene Serial.print imagwiritsa, choncho mawu anu oyesera amasanduka zinyalala kapena manoti osokonekera pa synth. Pa Leonardo, mapini 0 ndi 1 ndi Serial1, osati Serial. Ngati mukugwiritsa pulagi yaing'ono ya TRS, dziwani kuti ilipo Type A ndi Type B. Type A ndi imene inavomerezedwa kukhala muyezo mu 2018, koma zida zina zakale ndi za Type B.

## Mawu akuchedwa

MIDI yeniyeniyo siichedwa. Uthenga wa noti imodzi pa chingwe cha mapini asanu umatenga pafupifupi 1 ms. Kuchedwa kumachokera kwina:

- Mahedifoni kapena sipika za Bluetooth. Nthawi zambiri zimachedwa kupitirira 100 ms. Poimba gwiritsani zachingwe.
- Buffer yaikulu mu pulogalamu yoimbira, ndiko kuti mulu wa mawu umene kompyuta imasonkhanitsa isanautumize ku sipika. Pa 48 kHz, buffer ya 1024 ndi 21 ms, ya 256 ndi 5.3 ms, ya 128 ndi 2.7 ms. Itsitseni mpaka mawu atayamba kuthetheka, kenako kwezani sitepe imodzi. Pa Windows gwiritsani driver ya ASIO, ndipo musayezere kuchedwa pa Microsoft GS Wavetable Synth chifukwa payokha ndi yochedwa.
- delay() mu loop. delay(50) ndi 50 ms imene chipangizo chagona. Gwiritsani millis().
- Serial.print yoiwalika. Pa Uno, pa liwiro la 9600, chilembo chimodzi chimatenga pafupifupi 1 ms. Mzere wa manambala a mapadi 12 pa loop iliyonse umadya ma millisecond makumimakumi. Mukamaliza kuyeza, ichotseni.
- Kusefa kochuluka. Pa CapacitiveSensor, ma sample ambiri ndi resistor yaikulu zimachedwetsa padi iliyonse, ndipo mapadi amawerengedwa motsatizana. Ya 1 MΩ ndi yokwana pa kukhudza kwenikweni. Pa MPR121 mpata wa pakati pa kuyeza umasankhidwa kuyambira 1 ms mpaka 128 ms.

## Manoti onse akutuluka ndi mphamvu yofanana

Apa si kuwonongeka. Padi ya capacitance siyeza mphamvu ya kugunda, imayeza kukula kwa khungu lomwe lakhudza. Mukhoza kuyerekeza velocity poona mmene nambala yatsikira pa ma millisecond oyambirira, ndipo zimamveka bwinoko, koma zala zouma ndi zonyowa zidzapereka zosiyana. Kusintha kwa nambala chala chili pa padi kumayenera kwambiri kutumizidwa ngati aftertouch (uthenga wa kukanikiza noti ikulira kale) kapena Control Change. Mukafuna kugunda kwenikweni, ikani FSR (sensa yoyeza kukanikiza) kapena piezo (kachimbale kotulutsa magetsi kakagundidwa) kunsi kwa padi. Piezo ikagundidwa mwamphamvu imatulutsa magetsi oposa amene pini ingapirire, choncho iyenera kukhala ndi resistor ya 1 MΩ pakati pa miyendo yake ndi diode yoteteza pini.

## Bolodi ikuzima n'kuyambiranso, kapena ikukana code

- Ma LED akukoka magetsi ambiri. WS2812 imodzi yowala yoyera mpaka mapeto imakoka pafupifupi 60 mA. Khumi ndi awiri ndi 720 mA, pomwe port ya USB 2.0 imapereka 500 mA. Chepetsani kuwala kapena apatseni magetsi awoawo, GND ikhale yolumikizana.
- Chingwe chowonda kapena chachitali. ESP32 imalemba uthenga wa brownout pa Serial magetsi akatsika, makamaka WiFi kapena Bluetooth ikamayaka.
- Padi ili pa pini yoyatsira. Pa ESP32, GPIO0, GPIO2, GPIO12 ndi GPIO15 ndi mapini okhudza, koma bolodi imawayang'ananso poyaka. GPIO12 ikakokedwa m'mwamba panthawiyo bolodi ikhoza kukana kuyaka.
- Magetsi a m'thupi. Mpweya ukauma, kukhudza mkuwa wosaphimba kumatha kuthethetsa kamoto kolowa m'chipu. Phimbani mapadi, ndipo ikani resistor ya ma ohm mazana angapo pakati pa padi ndi pini.
- Pro Micro yasowa pa kompyuta. Nthawi zambiri munasankha 3.3 V 8 MHz pa bolodi ya 5 V 16 MHz, kapena mosemphanitsa. Gunditsani RST ku GND kawiri mofulumira. Bootloader, pulogalamu ya pa bolodi yolandira code, imatseguka kwa masekondi 8, ndipo mutumize code yosavuta nthawi yomweyo.

## Pamene muyenera kusiya n'kuitana katswiri

Magetsi a 5 V a pa bolodi savulaza munthu. Choopsa ndi zimene bolodi yalumikizidwa nazo. Zulani pulagi ndipo musapitirize ngati:

- Mukumva kunyerenyetsa kapena kugwidwa ndi magetsi pokhudza padi, bokosi kapena pulagi ya USB. Mwina ndi tchaja ikutayikira, mwina earth ya nyumba ndi yoduka. Tchaja isinthidwe, ndipo zikapitirira ndi tchaja ina, katswiri wa zamagetsi wovomerezeka ayeze masoketi.
- Mukugwidwa mukakhudza chipangizo ndi amplifier kapena maikolofoni nthawi imodzi. Lekani kuimba pomwepo. Musadule pini ya earth ya amplifier pofuna kuthetsa kulira kwa sipika.
- Tchaja kapena adapter ikutentha kwambiri, ikununkha kupsa kapena ikuthetheka. Musaitsegule. Ma capacitor a mkatimo amasunga magetsi ngakhale itazulidwa.
- Batire la lithiamu lafufuma, labooka kapena latentha. Musalitchajenso ndipo musalifinye. Liikeni panja pamalo osayaka moto, kutali ndi zinthu, kenako lipite kumene amalandira mabatire otha. Selo wamba ya LiPo siyenera kupitirira 4.2 V, ndipo imatchajidwa ndi bolodi yopangidwira ntchitoyo.
- Mukufuna kuti mapadi aziyatsa nyale kapena chida cha magetsi a m'nyumba. Mbali ya magetsi aakuluyo apange katswiri, m'bokosi lakelake lotsekedwa.
- Port ya USB ya kompyuta kapena MIDI IN ya synth yafa mutalumikiza chipangizo chanu. Musayesere pa port ina kapena pa chida china. Yezani kaye ngati 5 V ndi GND sizinagundane pa bolodi yanu, ndipo chida chowonongekacho chipite kwa wokonza zida zamagetsi.

Popita kwa wokonza, tengani chipangizo pamodzi ndi tchaja ndi chingwe chimene mumagwiritsa, chojambula cha mawaya ngakhale chapamanja, code yake, ndi manambala a pa Serial Plotter a padi yosakhudzidwa ndi yokhudzidwa, tchaja ili pa magetsi komanso itachotsedwa.